Musanamulembetse Nelito ku Nampula

Achemwali anga a Selestina,

Dzulo, pamene abale anasonkhana kudzakutsazikani, amayi aang'ono a ku Lione anandiloza ndi kapu ya tiyi n'kunena kuti, "Nanga amalume ake a mwanayu sanenapo kanthu? Kapena mawu awasungira pa ukwati wake?" Anthu anaseka. Inunso munaseka pang'ono, kenako munandiyang'ana ngati mukupepesa. Sindinakwiye. N'zoseketsadi kuti malume wa Nelito ndi mnyamata amene akadavala yunifolomu ya sukulu, amene mpaka lero amaiwala kupereka moni akapanda kukumbutsidwa. Koma mlongo wanu ndine ndekha, ndipo mwambo sunandifunse ngati ndakonzeka. Bambo akanakhala moyo bwenzi atakukhazikani pansi iwowo. Mawu ndinali nawo, koma m'nyumba munali anthu ambiri, wailesi ikulira, ana akuthamangitsana, ndiye mawuwo anakana kutuluka. Lero ndabwera kuchokera kusukulu, ndakhala kuseri kwa nyumba kumene kukadali kadzuwa, ndikulemba pamene inu mukumanga katundu. Mukawerenge m'sitima, Nelito akagona.

Nkhani yanga ndi imodzi. Alamu apeza malo ku Nampula kumene amaphunzitsa ana a autizimu, ana ngati Nelito, ana ngati mmene ndinalili ine ndiponso mmene ndilili. Akufuna kuti mukangofika mukamulembetse, azikhala kumeneko kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Anakutumizirani kanema pa foni: kamnyamata kamene poyamba sikankalankhula, kenako kakuyang'ana kamera n'kunena "bom dia," moni wa m'Chipwitikizi, bwinobwino. Pansi pake analemba kuti njirayo ndi yotsimikizidwa ndi kafukufuku. Inu munalira. Amayi anati Mulungu wayankha. Ine ndinabwereka foni yanu n'kuonera kanemayo mobwerezabwereza, mpaka munandikalipira kuti ndikukutherani moto. Maso anga anali pa manja a mwanayo. Anali atawakhalira. Munthu sakhalira manja ake pachabe. Ndikudziwa chifukwa anga ndinawakhalirapo.

Sindikunena kuti musapite naye. Mundimvetse pamenepa, chifukwa kunyumba kuno anthu amandimva theka. Ndikunena kuti musanamulembetse, mufunse. Mawu akuti kafukufuku ali ngati jekete la kuofesi la alamu: aliyense akalivala amaoneka bwana, ndiye pamafunika kuona amene ali m'katimo.

Zambiri zimene ndilembe pano simukuzidziwa. Nthawi imeneyo munali ku sukulu yogonera konko ku Cuamba, munkabwera pa tchuthi pokha, ndipo pa tchuthi amayi ankakuuzani zabwino zokhazokha.

Ndili wamng'ono, ndisanakhazikike kusukulu, kunabwera bungwe lina kuno ku Sanjala, dera lathu la mu Lichinga. Anabwereka chipinda kuseri kwa tchalitchi n'kuikamo timatebulo ndi timipando. Wamkulu wake anali mayi wa ku Maputo amene tonse tinkamutchula kuti a dotora, ndipo womuthandiza anali mtsikana wa konkuno, mana Lurdesi. Ntchito yoyamba inali ya maso. A dotora ankakhala moyang'anana nane, n'kukweza switi pafupi ndi mphuno yawo, n'kunena kuti, "Olha para mim." Mana Lurdesi ankamasulira: "Ayang'ane, Zeka." Ndikayang'ana, switi. Ndikapanda kuyang'ana, ankandigwira chibwano n'kunditembenuza. Maso a munthu kwa ine ali ngati malata atsopano masana, amandithobwa. Ndipo ndikamalimbana ndi maso, makutu amatseka, sindimvanso zimene munthuyo akunena. Ndiye ndinapeza njira yanga. Ndinkayang'ana pakati pa nsidze, pamene a dotora anali ndi kadontho kakuda. Iwo anasangalala n'kumachonga papepala. Maswiti ndinadya ambiri.

Tsiku lina kunabwera agogo aamuna a ku Chimbonila ndi thumba la mbatatesi. Ndinapita kukawapatsa moni monga ndinaphunzitsidwira, nditaimirira njo, nkhope kwa nkhope, osaphethira. Agogo anatsitsa thumba. "Iwe Mariya," anaitana amayi, "mwana wakoyu ndamudyera chiyani? Akunditong'olera maso ngati wapolisi wapamsewu." Amayi anati ndi mmene akumuphunzitsira kwa a dotora. "Kumuphunzitsa mwano? Mwana amagwada, amayang'ana pansi. Ameneyu ulemu anabadwa nawo, inu mwakauchotsetsa." Amayi anaseka mpaka kupukuta misozi ndi nsalu, koma ine ndinasokonezeka masiku ambiri. Kuchipinda cha kutchalitchi, kuyang'ana pansi anali matenda. Kwathu, kuyang'ana pansi unali ulemu. Papepala analemba kuti ndapita patsogolo, ndipo sananame, chifukwa chimene ankayeza chinasinthadi. Koma anasankha ndani kuti ayeze chimenecho? Funsani, achemwali. Akakuuzani kuti ana amapita patsogolo, funsani kuti patsogolo pa chiyani. Ngati ndi kukhala phee pampando, kuyang'ana nkhope ndi kusiya kukupiza manja, zimenezo zimapeputsa ntchito ya mphunzitsi. Chimene Nelito akusowa n'choti athe kukuuzani kuti khutu likumupweteka asanayambe kudzimenyetsa mutu pakhoma, monga zinachitikira dzinja lija, ife n'kudzazindikira mafinya atatuluka kale.

Za amayi izi musawauze kuti ndakulemberani. Maphunziro aja ali pafupi kutha, a dotora ndi mana Lurdesi anayamba kuyendera makomo kukafunsa makolo ngati ana asintha. Amayi atamva kuti akubwera anasesa pabwalo mpaka kwa aneba, anabwereka mipando ya pulasitiki, anakazinga mbatatesi ndi mazira. Kunagwa mvula, galimoto inakanika kulowa, alendo anafika wapansi, nsapato zili matope okhaokha. Ine ndinali kuseri kwa chitseko. A dotora anafunsa ngati ndikugona bwino. "Bwino kwambiri," anatero amayi. Anafunsa ngati ndimakwiyabe. "Aa, zinatha zimenezo." Anafunsa ngati banja lakhutira. "Takhutira, Mulungu akudalitseni, mwatichotsa manyazi."

Sabata yomweyo, achemwali, ndinali nditayambiranso kukodza pogona, chinthu chimene ndinali nditasiya kalekale. Ndinkabwera kuchokera kuchipinda chija n'kudziluma pamkono mpaka mano kudinda. Amayi ankayanika bulangete kuseri kuti anthu asaone. Alendo atapita ndinawafunsa, ndi timawu tanga tochepa ta nthawi imeneyo, "Mama, bodza?" Anandiyankha akutsuka makapu, osacheuka. "Iwe, anthu achoka ku Maputo, aponda matope athu, akudyetsa maswiti, ndiye ndiwauze kuti avutika pachabe? Wakupatsa ndiwo sumuuza kuti mchere wachepa."

Amayi si abodza. Anachita zimene mayi aliyense wa ku Sanjala akanachita, ndipo ndikukhulupirira kuti khomo lililonse limene alendowo analowa anayankhidwa chimodzimodzi. Mayankho amenewo anakwera ndege. Sindikudziwa kumene anakathera, koma nthawi zina ndimaganiza kuti kwinakwake kuli munthu amene anawerenga kuti makolo a ku Lichinga anakhutira, iyenso n'kukalembetsa mwana wake. Ulemu wathu unasanduka umboni.

Mana Lurdesi ndinakumana nawo miyezi yapitayo pamalo okwerera mashapa, maminibasi athuwa, atanyamula mwana kumbuyo. Anandizindikira iwo. "Zeka! Wakula chonchi? Tandiyang'ana ndikuone," anatero, kenako anadzigwira pakamwa n'kuseka. "Pepa, chizolowezi." Ndinawafunsa mmene ankachongera mapepala aja, chifukwa ine mafunso ndimangofunsa, ndilibe poyambira pabwino. Anayankha kuti, "Mphwanga, tinkafunitsitsa kuti ziyende. Ukamuphunzitsa mwana m'mawa wonse, iye n'kukuyang'ana mwa apo ndi apo, dzanja limachonga lokha." Ndiye funsani, achemwali: anaona kusinthako ndani? Ngati wophunzitsa ndi yemweyo, wofunsa ndi yemweyo, wolemba ndi yemweyo, zili ngati ine kudzichongera ndekha mayeso. Sindingabe dala, koma pamene ndakayika ndingadzipatse. Kafukufuku woyenera kumukhulupirira amaitana munthu wapadera, amene sakudziwa kuti mwana uyu anaphunzitsidwa kapena ayi, kuti aone ndi maso opanda mbali.

Amadu mukumudziwa, mnyamata wamtali amene amakhala pabenchi la bambo ake kumsika akusankha nyemba. Tinayambira limodzi kuchipinda chija. Iye switi sankaifuna. Akamugwira chibwano ankakuwa, n'kulowa pansi pa tebulo, n'kukana kutuluka mpaka amayi ake afike. Tsiku lina amayi akewo anaima pakhomo n'kuuza mana Lurdesi kuti, "Mwana wanga ndinabwera naye osalankhula, koma ankadya. Tsopano sakulankhula, sakudyanso. Basi, zikomo." Sanabwerenso. Panalinso kamtsikana kena kamene kanasiya chifukwa kwawo kunali kutali, ndi wina amene sindikudziwa chimene chinamuchotsa.

Tsiku lotsekera anativeka malaya oyera, anaitana akuluakulu, tinaima pamzere n'kumatchula mayina athu. Bambo wina wa tayi anaimirira n'kunena kuti ana onse apita patsogolo. Anthu anawomba m'manja, ine ndinatseka makutu. Ndinayang'ana pamzerepo. Onse, inde, onse amene analipo. Amadu sanalephere, sanapambane, anangosowa. Zili ngati mlimi amene wasankha mbatatesi zowola n'kutaya kuseri, kenako n'kukuonetsani dengu kuti munda wake suwoletsa. Funsani za amene anasiya. Funsani kuti anayamba angati, anamaliza angati, ndipo osiyawo anasiyiranji. Akati sakudziwa, ndiye kuti sakudziwanso ngati njira yawo imapweteka ana ena. Akakwiya ndi funsolo, mwayankhidwa.

Pali funso limene kwathu kuno limayambitsa mkangano mpaka pano: anandilankhulitsa ndani? Chaka chimene ndinayamba kulumikiza mawu, aliyense anadzitengera ulemu. Amayi amati ndi a dotora. Amayi aang'ono amati ndi mizu imene anakanditengera kwa sing'anga wa ku Lione, imene ankandisambitsa nayo amayi akapita kumsika. Azimayi a kutchalitchi amati ndi kusala kudya kwawo. Agogo ankangoti nthawi yake inakwana. Ine mwiniwakene sindikudziwa. Zonsezo zinachitika pamodzi, ndipo pa nthawi yomweyo ndinali ndikukula.

Vuto limeneli ndinalimvetsa chaka chatha pa phunziro la biyolojiya. Aphunzitsi anatipatsa ntchito yoti tione ngati manyowa amathandiza nyemba. Anzanga anagwira m'magulu, ine ndinapempha kugwira ndekha, monga mwa masiku onse. Ndinadzala m'zitini. Zothira manyowa ndinaziika pawindo, chifukwa ndizo ndinkafuna kumaziona. Zopanda manyowa ndinaziika pansi pakona. Zapawindo zinakula mosangalatsa. Ndinalemba zonse mosamala, ndi mizere yowongoka. Aphunzitsi anayang'ana zitini, anayang'ana ine. "Zeka, wayesa manyowa kapena wayesa dzuwa?" Kalasi yonse inaseka, wina kumbuyo n'kukuwa kuti, "Wasayansi wagwa nayo!" Ndinachita manyazi, koma aphunzitsi ankanena zoona. Anandiuza kuti ndibwereze, zitini zonse pamalo amodzi, madzi ofanana, ndipo zoti chitini chiti chilandire manyowa ndichite maere, kuti dzanja langa lisasankhe mbewu zonenepa. Nditabwereza, manyowa anathandizadi, koma pang'ono poyerekeza ndi zimene ndinalemba poyamba.

Ana si nyemba, ndikudziwa. Koma funso ndi lomwelo. Anayerekeza ndi ndani? Kodi panali ana ena ofanana nawo amene sanalandire njirayo, kapena analandira ina, n'kuona kusiyana kwake? Nanga anawagawa bwanji? Chifukwa ngati amene analowa ndi ana a makolo okhala ndi galimoto, nthawi ndi chakudya chokwanira, ndiye kuti ayesa dzuwa. Nelito adzakhala wosiyana chaka chamawa ngakhale mutangomusiya azisewera ndi zitsekerero zake za mabotolo. Amene adzakhale naye pafupi nthawi imeneyo adzati ndi ntchito yake.

Ndayesa kuwerenga pa kompyuta ya kusukulu zimene zalembedwa m'Chipwitikizi. Zambiri sindinazimve, sindikunamizani. Chimene ndatolapo n'chakuti ngakhale ophunzira okhaokha sagwirizana. Alipo amene apeza kuti njira zina zimathandiza ana ena pa kulankhula ndi kudzisamalira. Alipo amene atawerenganso kafukufuku yemweyo akuti ana anali ochepa, anawatsatira nthawi yochepa, oyeza ankadziwa amene waphunzitsidwa, ndipo kawirikawiri palibe amene analemba ngati mwana wina anavulala mumtima. Zambiri zinachitikira kumayiko akutali, kumene mwana sagwada popereka moni. Ndipo akuluakulu a autizimu amene anadutsamo, ena amathokoza, ena amati mpaka lero satha kukana chinthu chifukwa anaphunzitsidwa kuti kukana n'kulakwa. Choncho munthu akakuuzani kuti zatsimikizika, basi, osawonjezera kuti kwa ana ati ndiponso pa chiyani, ndiye kuti mwina sanawerenge, mwina akutsatsa malonda.

Tsopano ndinene mbali inayo, chifukwa ndikasiyira pamenepa ndikhala ndachita zomwe ndikudandaulazo, kutaya kuseri zimene sizikugwirizana ndi nkhani yanga. Mana Lurdesi anandithandiza. A dotora akatuluka, iwo ankatulutsa timakadi timene anajambula okha: kapu ya madzi, chimbudzi, munthu wogwira mutu, ndi dzanja lotambasula lotanthauza kuti basi, ndatopa. Ndikaloza kadzanjako ankasiyadi. Kameneko ndiko kanandiphunzitsa kuti mawu ali ndi ntchito, kuti ukapereka chizindikiro zinthu zimasintha. Anandiphunzitsanso kuwoloka msewu, kuima, kuyang'ana uku ndi uku, kubwereza mpaka thupi litazolowera, ndipo switi inalipo pamenepanso. Njira inali yomweyo ya a dotora. Pakanapanda zimenezo, njinga zamoto za m'tauni muno zikanandithyola kalekale. A dotora nawonso sanali munthu woipa. Ndinawaonapo akulira m'galimoto tsiku limene amayi a Amadu anatsazika.

Ndipo Nelito si ine. Ichi ndinachiphunzira mochedwa. Mukukumbuka tsiku limene munandisiyira mwana mutapita kuchipatala ndi amayi? Ndinaganiza kuti ndikudziwa chimene akufuna, popeza tili mtundu umodzi. Ndinazimitsa wailesi, ndinatseka mawindo, ndinamukonzera bata limene ine ndimalilakalaka. Analira mpaka kusanza. Mutabwera munangoyatsa wailesi n'kukweza, iye n'kukhala pansi n'kuyamba kusanja zitsekerero zake. "Amalume anzeru," munatero, "mwanayu amakonda phokoso." Ndiye musatenge nkhani yanga ngati chigamulo. Inenso ndine mwana mmodzi, ngati wa mu kanema wa alamu, kungoti kanema wanga ndi wautali.

Chimene palibe amene anabwerera kudzaona ndi zimene zinatsatira. Bungwe lija linapita, chipinda chija tsopano amasungiramo simenti. Kusukulu aphunzitsi amati ndinachira. Ndimakhala phee, ndimayang'ana pakati pa nsidze, manja ndimawabisa pansi pa desiki. Koma mumandiona ndikabwera. Ndimalowa m'chipinda, kufunda bulangete kumutu, osafuna kumva ngakhale dzina langa. Amayi amati ndi ulesi wa anyamata. Si ulesi. Tsiku lonse ndimakhala nditasenza nkhope imeneyo ngati ndowa yodzaza imene siyenera kutayika ngakhale dontho, ndipo pofika madzulo khosi limakhala litatha. Ndatopa, achemwali. Sindikudziwa ngati kutopaku kunachokera kuchipinda chija kapena ndikanatopabe. Onani, ngakhale ine ndilibe chitini china choyerekeza nacho. Koma funsani ngati anawatsatira anawo atakula, ndipo ngati anawafunsa eniakewo, osati makolo ndi aphunzitsi okha.

Inunso mwatopa, ndikudziwa. Ndimakumvani m'mamawa mukuyenda ndi Nelito pabwalo, kuzizira konseku, chifukwa wakana kugona. Ndinakuonani tsiku limene anathawira kumsewu. Mutamugwira, munakhala pansi m'fumbi. Ndinamva zimene ananena mayi uja pampopi, kuti ana otere amabwera chifukwa cha zimene makolo anachita pofuna kulemera, ndipo inu munangosenza ndowa n'kumapita. Munthu wotopa akaona chitseko cholembedwa kuti thandizo, salowa ndi mafunso. Sindikukuimbani mlandu. Thandizo mukulifuna, Nelito akulifunanso, ndipo mwina kumeneko kuli mana Lurdesi wina ndi timakadi take. N'chifukwa chake sindikuti musapite.

Mukapita, pemphani kukhala m'chipinda chophunzitsiramo muone ndi maso anu, osati tsiku lachionetsero koma tsiku wamba. Akanena kuti makolo salowa, musamusiye. Onani zimene amachita mwana akakana. Onani ngati amamulanda chinthu chimene amachikonda kuti azimubwezera pang'onopang'ono ngati mphoto. Nelito akamulanda zitsekerero zake adzachita chilichonse, ndipo iwo adzalemba kuti waphunzira. Onani ngati amamugwira manja akamakupiza. Kukupizako sikupweteka munthu, ndi mmene timatsitsira zimene zadzaza m'mutu. Kudzimenyetsa pakhoma ndi kuthamangira kumsewu, zimenezo inde akuthandizeni, koma afufuze kaye chimene chikumuchititsa. Musayambe ndi tsiku lonse. Mwana wosakwana zaka zinayi, nyumba yatsopano, kutentha kwa ku Nampula iye atazolowera chisanu cha kuno, chinenero china pabwalo, zimenezo zokha ndi ntchito. Ndipo kunyumba muziona zimene iwo saziona: kudya, kugona, kuseka, ndiponso ngati m'mawa akuvomera kuvala nsapato kapena akubisala pansi pa bedi.

Tsiku lidzafika limene adzakukhazikani pampando wabwino n'kukufunsani kuti, "Mama wa Nelito, mukuona kusintha?" Pamenepo m'pamene ndikukuopani, chifukwa inu muli ndi ulemu woposa wa amayi. Ndinakuonani mukuthokoza telala amene anakuonongerani nsalu yanu yatsopano ya kapulana, n'kudzalirira kunyumba. Anthuwo adzakhala aulemu, mwina adzakupatsani ndi madzi ozizira. Pakamwa panu padzabwera zikomo musanaganize. Mezani. Yankhani monga mmene mumayankhira kuchipatala akafunsa pamene pakupweteka. Ngati wasiya kudya, nenani. Ngati wayamba kuloza kapu akafuna madzi, nenaninso, chifukwa zabwino zoona nazonso n'zofunika. Zimene mudzanene sizidzathera m'chipindamo. Zidzafika kwa mayi wina amene simudzamuona.

Za alamu tsopano. Amamukonda mwana wawo, ndinawaona akumusenza paphewa kuzungulira bwalo lonse la mpira chifukwa ankafuna kuona mbendera. Koma amafuna chinthu chokonzeka msanga, monga amakonzera majenereta kuntchito kwawo, ndipo auza kale anzawo kuti mwana akayamba sukulu yapadera. Mukadzaona kuti malowo sakumuyenera Nelito, kudzakhala kovuta kuti inu muwauze, ndipo kudzakhala kovuta kwa iwo kubwerera m'mbuyo pamaso pa anthu. Musakangane nawo. Pamenepo mudzaike ine patsogolo. Auzeni kuti nkhani ya mwana simungaimalize awiriwiri, kwathu kuli eni mbumba, ndipo amalume ake akana. Alamu ndi a konkuno, mwambo akuudziwa. Adzadandaula, adzanditchula mayina, koma adzakhala ndi chowauza anzawo. Kwa anthu a kumaloko nenani zomwezo. Iwo sakundidziwa. Adzaganiza za bambo wa imvi woyenda ndi ndodo, ndipo palibe chifukwa chowauzira kuti amalumewo akadalimbana ndi masamu a kusekondale. Mukadzaona kuti malowo ndi abwino, mudzawauzenso kuti amalume avomera. Ndidzasangalala kuposa nonse.

Mawa kusiteshoni sindifika. Sitima ikamalira mukudziwa mmene imandichitira. Nelito ndimutsazika kunyumba konkuno, m'njira yathu, kukhala moyandikana osagwirana. Mukamaimba foni musamandiuze kuti ali bwino, mawu amenewo ndawamva mokwanira m'nyumba muno. Muzingoika foni pansi pafupi ndi pamene akusewera, inu n'kupitiriza ntchito zanu. Ndidzamva ndekha.

Muyende bwino, achemwali.

Ndine mlongo wanu,
Zeka